Lenzi ya ku Soviet Union ndi mphale ya apongozi

Amayi akunyumba anandiuza kuti akufuna aziphika pa Facebook, dziko lione mmene nkhwani wotendera wa ku Mchinji amauphikira eni ake mtedza. Ine ndili ndi kamera ya Canon yomwe ndimajambulira zinkhoswe, ndipo lenzi yake ilibe vuto lililonse. Koma maso sakhuta. Ndinaona mavidiyo pa YouTube, munthu akuoneka bwinobwino koma kumbuyo kwake masamba akuzungulira ngati kamvuluvulu. Akuti ndi ntchito ya lenzi yakale, Helios 44-2, ya 58mm, yomwe inkapangidwa ku Soviet Union. Tulo tinandithawa.

Ndinakaipeza pa boma, kwa mdala wina amene anasiya kujambula zithunzi mafoni atamulanda msika. Anaitulutsa m'sokosi. Chitsulo chokhachokha ndi galasi, yolemera ngati mwala. Ndinaiunika ndi tochi ya foni kuona ngati siinachite chuku m'kati, ndikugwedeza mutu ngati katswiri.

"Imeneyi siifa, mwana wanga," anatero mdalayo akuwerenga ndalama zanga za feteleza.

Kufika kunyumba, lenzi ikukana kulowa. Helios ndi ya M42, imamangidwa mopotokola ngati bawuti, pomwe Canon amangoti khethe. Adaputala, kachitsulo kolumikizira ziwirizi, ndinachita kuitanitsa ku Lilongwe.

Loweruka amayi anatchena, chitenje chatsopano, mbaula ikuyaka. Ndisuzumire mu kamera, ndikungoona mthiko ndi chigongono basi. Zomwe mdala uja sanandiuze n'zakuti pa kamera ngati yangayi muyenera kuchulukitsa ndi 1.6, ndiye 58mm imaona ngati 93mm, kutanthauza kuti imakokera zinthu pafupi n'kuonetsa malo ochepa. Khitchini yathu mukatambasula manja mwagunda makoma onse awiri.

Ndinabwerera m'mbuyo. Phewa linaoneka. Ndinatuluka pakhomo, diso lili pa kamera, dzanja likupukusa lenzi, poti fokasi yake ndi yapamanja, ndipo pa f/2, pomwe diso la lenzi latseguka lonse, munthu akangoweramira poto watuluka kale mu fokasi.

"Abambo, ndiyambe? Ndiwotu zipserera!"

"Dikirani, mutu wanu sunalowe!"

Phazi lina m'mbuyo, linanso. Khonde linatha ine osadziwa. Ndinangomva khuvuu, ndakhala m'bafa la mphale yomwe apongozi, amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Mkanda, ananyika masiku atatu apitawo. Miyendo m'mwamba, kamera ndaikweza ngati mwana wakhanda. Amene ananunkhizapo madzi a mphale yonyikidwa andimvetsa.

Apongozi anali pamphasa chapafupi, akusenda mtedza. Anayang'ana kumbali mwaulemu wonse, chitenje kukamwa, mapewa akugwedezeka.

"Mwavulala, bambo?"

"Ayi mayi, ndikujambula."

Madzulo tinaonera vidiyoyo. Amayi akunyumba akuoneka ngati mzukwa m'nkhungu ya Juni, nkhwani osadziwika kuti ndi nkhwani. Chinthu chokha chimene chinatuluka mbee, nthenga iliyonse kuwerengeka, ndi nkhuku yomwe inali pawindo kujompha nsinjiro. Kenako chithunzi chinapendama, kunamveka kukuwa kwanga, ndipo masamba a mango anatulukira akuzungulira ndendende ngati za pa YouTube zija.

"Mwaona? Ndi zimenezotu!" ndinatero, ndikuloza.

Palibe anandiyankha. Nkhwani anajambula mawa lake mwana wathu wa Sitandade 6, ndi foni ya amayi ake. Ine ananditumiza kuchigayo ndi chimanga china chokakonola, lenzi ili m'sokosi mwake.