Mbiri ya moyo wanga gawo 9: Corona inatha koma mpweya sunabwerere

Zikomo nonse munakomenta pa gawo lapita lija, makamaka inu achemwali a ku Joni munati munalira powerenga za usiku uja ndinagona pa oxygen. Ambiri mukufunsa kuti nanga nditatuluka mchipatala zinatha bwanji. Abale anga sizinathe.

Paja inali January 2021, nthawi ija nduna ziwiri a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama anamwalira tsiku limodzi, stadium ya Bingu mpaka kusanduka chipatala, aliyense ali kalikiliki kusaka silinda ya oxygen. Ine ndinatuluka wamoyo, bambo a ana anapha nkhuku, amayi a mvano anabwera kudzaimba panja pa mpanda. Tonse timati basi zatha.

Koma kungosesa pabwalo ndimaima kaye nditatsamira khoma, mtima uli thi thi thi, chigubu cha madzi chomwe ndimasenza kuchokera pa mjigo osapumira chinayamba kundikanika, usiku kugona chagada osatheka mpaka kusanja mapilo ndigone chokhala.

Chomwe chinandiswa mtima ndi kwaya. Amene mwanditsatira kuyambira gawo loyamba mukudziwa kuti ine kuimba ndinayamba ndili ku Sande sukulu ndipo oyambitsa nyimbo ndinali ine. Tsiku lomwe ndinabwerera ndinaima kutsogolo, ndinayambitsa bwinobwino, kufika pakati pa mzere mpweya unangothera mkhosi. Pakamwa ndatsegula koma mawu osatuluka. Anzanga anayamba kuyang'anana, wina kumbuyo anailandira nyimbo ija kuti isagwe, ine ndinangotsika nkukakhala pa benchi chifuwa chili phuu phuu, misozi ikugwera pa yunifolomu. Ndinalira tsiku limenelo kuposa mmene ndinalirira ku ward.

Ndiye alamu anga aja ndinakuuzani mu gawo 4, anayamba kuyenda nayo nkhani kuti ndili ndi TB kapena matenda enawa ndikungobisa, kwa apongozi nkumati ndi ulesi chabe. Alamu ndikudziwa mumawerenga. Makhololo ndinapereka, magazi anayeza, zonse zinatuluka bwino, ndipo ngakhale akanandipeza nazo, munthu wodwala samusandutsa nkhani ya pa chigayo.

Adokotala ataona X-ray anandilongosolera kuti kachilombo kaja kamatupitsa timatumba ting'onoting'ono ta mpweya m'mapapo, ndiye kwa ena pakapola pamatsala zipsera, malo a chipsera ndi olimba satambasuka, oxygen imavutika kudutsa kuti ilowe m'magazi. Anandipana pachala kamakina kaja koyezera oxygen m'magazi, nditakhala kamawerenga 96, atandiyendetsa pang'ono mu corridor kanatsika kufika 90. Anati zizindikiro zikapitirira miyezi 3 amazitcha long covid ndipo si ine ndekha, ena zimawagwira ngakhale sanagonekedwe nkomwe.

Geni ya mandasi ndinasiya chifukwa cha zimenezi. Ena munati ndinayamba matama bambo a ana atapeza ntchito, ayi, utsi wa nkhuni ndi mafuta otentha mbandakucha zimanditsokomoletsa mpaka kusanza, ndiye ndinasankha mapapo anga.

2022 ndi 2023 zinangodutsa choncho, pang'ono ndi pang'ono. Anandiphunzitsa kukoka mpweya ndi mphuno nkumautulutsa pakamwa mosathamanga ngati ukuziziritsa phala la mwana, komanso kuyenda tsiku lililonse osadzikakamiza. Pano chigubu ndimasenza, koma kukazizira mu June kapena fumbi la October chifuwa chimathinabe, ku kwaya ndimaimba kumbuyo.

Inu amayi munalemba kuti amuna anu akutsokomolabe chidwalire corona, chonde musangoti ndi zomwezi za ine, apite akapereke makhololo kaye, kuyeza TB mzipatala za boma ndi ulere. Gawo 10 ndikuuzani mmene ndinalowera mu kaunjika ndi ndalama ya banki mkhonde.