Machubu anatithera tisanafike pa Lizulu

A Tcheya a gulu lathu lopalasa njinga andipempha kuti ndilembe za ulendo wathu wa pa njinga wa Loweruka, wochoka pa Dedza boma kukafika ku Ntcheu, kuti anzathu amene sanabwere amve mmene tinayendera. Za mapiri ndi kukongola kwa njira muziona nokha pa zithunzi zimene zaikidwa kale pa WhatsApp. Ine ndikhazikika pa nkhani ya matayala, poti ndi imene inatichedwetsa, ndipo mbali ina ya mlanduwo ndi yanga.

Tinalipo anthu 11, abambo 8 ndi amayi 3. Pangano linali lonyamuka 6 koloko, koma chifunga cha mu June chinali chitakuta phiri la Dedza mpaka kutsinde, magalimoto akuyenda atayatsa nyali. Tinadikira mpaka cha m'ma 7 tikumwa tiyi, manja tili m'khwapa. Ola lonselo tikanatha kuona matayala a munthu aliyense mmodzimmodzi, koma tinathera pa nkhani za mpira. A msungichuma anafunsa kamodzi kokha kuti, "Machubu alipo?" ndipo tonse tinayankhira pamodzi kuti alipo. Tinadzawerenga bwino tili kale pa msewu: machubu apadera anali 4, mapampu 2, ndi kabokosi kamodzi ka zigamba komwe sulushoni wake anali atauma gwa ngati chingamu chakale. Aliyense ankadalira mnzake. Kuwonjezera apo, tonse tinali ndi maganizo amodzi, oti pa M1 okonza njinga ali pa malo ochitira malonda alionse, ndiye palibe chodera nkhawa.

Tayala loyamba linaphwa titangodutsa pokhotera ku Bembeke. Mnyamata wathu wamng'ono, amene wangoyamba kumene kuyenda nafe, anali pakati pa mzere. Akutsogolo anazemba dzenje osaloza ndi dzanja kapena kufuula, iye n'kulowamo ndi gudumu lakumbuyo. Titatulutsa chubu tinapeza timabowo tiwiri toyandikana, ngati polumidwa ndi njoka. Kubooka kotere sikuchokera ku munga ayi. Tayala likakhala ndi mpweya wochepa n'kugunda mlomo wa dzenje, chubu chimapanikizika pakati pa limu ndi phula, limuyo n'kuchidula mbali zonse ziwiri. Titamufunsa kuti anapopa liti, anati Lachitatu, ndipo m'mawawo anangodina ndi chala n'kumva kuti n'lolimba. Chala chimanama pa matayala amenewa. Tayala lopyapyala la 700 x 25 limafuna mpweya wa pakati pa 80 ndi 100 psi (muyezo wa mpweya pa geji ya pampu) malinga ndi kulemera kwa munthu, pamene la galimoto yaing'ono limangofuna 30 ndi pang'ono. Likatsika kufika 50, chala chimamvabe kuti lili bwino.

Choopsa pamenepo sichinali tayalalo koma maimidwe athu. Ena anaima pa phula penipeni atazungulira njingayo ngati pagwa ngozi, mpaka thiraki yochokera kuchipata cha Dedza inatiimbira hutala ili pafupi kale. Anthu 4 akutsogolo sanamve chilichonse chifukwa mwera unkawomba kuchokera kutsogolo n'kumabweza mawu, ndiye anapitirira ulendo. Anadzaima patali ataona kuti kumbuyo kuli zii, n'kuyamba kuimba mafoni amene anali m'matumba akumsana, osamveka.

Tayala lachiwiri kuphwa linali langa, tikuyandikira pa Masasa. Apa ndiulule. Ndinafuna kuonetsa mnyamata uja mmene akuluakulu amachitira, ndiye ndinakanula tayala, kusolola chubu, kuika chatsopano, kupopa, zonse m'mphindi zosakwana 5, anthu n'kuwomba m'manja. Sindinapititse chala m'kati mwa tayala kuti ndione chimene chinaboola. Tisanapite patali linaphwanso, ndipo amene anawomba m'manja aja ndi omwe anayamba kuseka. Ulendo wachiwiriwu ndinasisita m'kati monse, osapeza kanthu. Ndinaika chubu chachitatu cha gulu, ndipo nacho chinayamba kutaya mpweya pang'onopang'ono, moti ndinkaima kawirikawiri kupopa. Munthu mmodzi ndinadya theka la machubu a anthu 11.

Kenako, Lizulu akuonekera, asisi athu amene amayenda pa njinga ya malimu akuya anaponda botolo losweka. Tayala linang'ambika m'mbali, mng'alu wotha kulowa nsonga ya chala chaching'ono. Tinatulutsa chubu chomaliza, koma valavu yake inali yaifupi. Malimu akuya amafuna valavu ya 60 mm kapena kuposa, pamene chubu chathucho chinali cha valavu wamba, moti inkangosuzumira pabowo, pampu osaigwira. Chubu chatsopano m'manja, koma chopanda ntchito. Asisiwo anavula nsapato zopalasira zija, poti siziyendeka pa miyala, n'kukankha njinga ali ndi masokosi okha mpaka pa msika.

Amene simunafikepo pa Lizulu, msewu ndiwo malire: uku Malawi, kutsidya kwa phula Mozambique, ndipo anthu amangodutsa ndi madengu a kachewere, kabichi ndi tomato osaganizako n'komwe kuti asintha dziko. Wokonza njinga tinam'peza pansi pa kamthunzi ka malata, bambo wachikulire ndithu, atazunguliridwa ndi njinga za kabaza zogadamitsa. Anatilandira bwino, n'kutipatsa benchi.

"Madala, tikufuna machubu awiri a 700," anatero a Tcheya.

"A 28 alipo, bwana. A 26 aliponso."

Apa ndi pamene ambiri a ife tinaphunzira kanthu. Tayala la njinga zathu ena amalitchulanso kuti 28, ndiye tinaganiza kuti tapulumuka. Koma 28 wa njinga za kabaza ndi 28 x 1½, limu yake ndi ya 635 mm, pamene yathu ya 700 ndi ya 622 mm. Dzina n'lofanana, magudumu ndi osiyana. Chubu chakecho n'chonenepa, sichingakwane m'tayala la 25 mm popanda kupindika, ndipo chopindika chimaphulika. Valavu nayonso ndi ina. Yathu ndi yopyapyala ija yotchedwa Presta, ya kanati kakang'ono pamwamba, ndipo bowo la pa limu linabooledwa molingana nayo. Valavu ya machubu a madalawo ndi yonenepa, siingalowe. Ngakhale pampu yawo yaikulu ija, imene imadzaza tayala la kabaza mosavuta, sinkagwira pa valavu yathu. Iwo anati angathe kukuza bowolo ndi tupa kuti valavu yawo ilowe. Asisi aja anangokumbatira gudumu lawo osayankha.

Ndiye zogula panalibe. Chimene tinapeza pamenepo ndi luso, ndipo pa luso lokhalo madalawo anatiposa tonse. Anatenga tayala langa, kulitembenuza kunja kukhala m'kati, n'kuyamba kulipinda pang'onopang'ono akupititsa kansanza ka thonje. Kansanzako kanakodwa pamalo amodzi. Atapinda kwambiri panatulukira kawaya kochepa ngati tsitsi, kosakwana theka la chikhadabo, ndipo anakazula ndi pulayala n'kundiika m'dzanja.

"Aka n'ka matayala a mathiraki, achimwene. Tayala la thiraki likaphulika, timawaya take timamwazika m'mbali mwa msewu, momwe mumayenda inumo. Chala sichikamva chifukwa kamabisala mu labala, kamatuluka mukakwerapo."

Machubu obookawo anawamiza m'beseni la madzi limodzi ndi limodzi, akuyang'ana pomwe pakutuluka thovu, n'kulemba chizindikiro ndi bolopeni. Anapala pamalopo mpaka labala itachita mbuu, kupaka sulushoni wochepa kwambiri, kenako n'kuchiika pambali n'kuyamba kucheza ndi wa kabaza wina za mtengo wa feteleza. Ine mtima unali m'mwamba, ndinati, "Madala, sulushoniyo auma." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndikufuna aume." Zaka zonsezi ndakhala ndikumata chigamba sulushoni ali wamadzimadzi, n'kumadabwa kuti zigamba zanga zimamatuka. Amafunika aume kaye mpaka asiye kunyezimira, mphindi ngati 5, ndiyeno chigamba chimagwira nthawi yomweyo. Zigamba zawo amadula ku chubu chakale, ndipo poona kuchepa kwa machubu athu anadula ting'onoting'ono n'kusenga m'mbali mwake kuti tisatukuke. Chubu cha mnyamata uja, cha mabowo awiri, anachimata ndi chigamba chimodzi chachitali. Cha asisi chinamatika, ndipo poti ndi chokhacho chinali ndi valavu yaitali, chinabwerera momwe chinachoka.

Panatsala mng'alu wa tayala lawo. Mukapopa chubu m'tayala long'ambika, chimatuzuka pa mng'alupo n'kuphulika, ndiye pamafunika kutchinga m'kati ndi chinthu chosatamuka. Njira yodziwika ndi yopinda ndalama yapepala n'kuiyala pamenepo. Ndinatulutsa K50 yakale m'chikwama. Ankolo athu a ku Ntcheu, amene ndi Mngoni ndipo salola kuti tiiwale, anandigwira dzanja.

"Mphwanga, wayang'ana nkhope ili pamenepo?"

Pa K50 pali Inkosi ya Makhosi Gomani II, ndipo ife tinali pa Lizulu, kwawo kwa a Gomani.

"Ufuna uike mfumu m'tayala, izizungulira mpaka ku Ntcheu, pakhomo pake pomwe? Bweza."

Anatulutsa K100 yawo, ya James Sangala, n'kunena kuti andale anazolowera kuzungulira. Madala okonza njinga anaseka mpaka kukhala pansi. Tinaipinda kawiri, kuiyala pa mng'alu, n'kupopa ndi kapampu kathu kam'manja mosinthana anthu atatu, poti kufikitsa 80 psi ndi kapampu kotere ndi ntchito yotulutsa thukuta ngakhale kukuzizira. Inagwira.

Tinadya tchipisi pa chiwaya, ena anagula mapichesi ouma ndi mtedza, n'kunyamuka dzuwa litapendeka kale. Kuchoka apo kudutsa pa Mlangeni mpaka kutsetsereka kulowa Ntcheu sikunachitike kanthu, kupatula kuti aliyense tsopano ankafuula "Dzenje!" ngakhale pa kachigamba ka phula. Tinafika cha m'ma 3 m'malo mwa 12 koloko, ndipo mwini lole amene tinapangana naye kuti atibweze ku Dedza anali ataimba kokwanira.

Tikudya nsima ku Ntcheu tinakambirana, ndipo pa zonyamula sipanavute. Kuyambira ulendo ukubwerawu aliyense azibwera ndi machubu 2 a saizi ya gudumu lake ndi valavu yokwana limu yake, tokanulira tayala, zigamba ndi sulushoni wosatsegula, ndipo azionetsa poyera tisananyamuke, osati kungoyankha kuti zilipo. Pampu yaikulu ya geji izibwera pamalo onyamukira kuti tizipopa ndi nambala. Wina anatchula kachitsulo kakang'ono komangirira pa Presta kuti pampu ya galimoto igwire. N'kotchipa, ndipo kangatithandize pa malo omwetsera mafuta. Za matayala opanda chubu, othira mankhwala omata okha, zinakambidwanso, koma ambiri malimu athu ndi akale, ndipo mankhwalawo sapezeka pa Dedza. Komanso mng'alu ngati wa asisi uja mankhwala sakanautseka.

Pomwe tinasiyana maganizo ndi pa kudikirana. Achinyamata othamanga akuti tayala la munthu mmodzi lisamaimitse anthu 11. Pazitsala awiri, ena azipita, akakumane kutsogolo. A Tcheya akuti tinanyamuka limodzi, tizifika limodzi. Ine ndili pakati koma ndapendekera kwa achinyamata, pa chifukwa chimene ndinachiona ndi maso pa Bembeke: anthu 11 oima m'mbali mwa M1, pomwe phula linadyeka ndipo mathiraki awiri akamapatukana sipatsala malo, ndi ngozi yoposa tayala lakuphwa. Atatu akhoza kutsika kunsi kwa msewu n'kugwira ntchito mwachifatse, opanda maso ambiri owafulumizitsa. Ndikudziwa zimene maso ambiri anandichititsa pa Masasa. Koma otsalawo akhale ndi pampu, ndipo mmodzi wodziwa kumata aziyenda kumapeto kwa mzere nthawi zonse, otsogola asamapitirire malo amene tagwirizana. Nkhaniyi sinathe, a Tcheya akuti tidzavota pa msonkhano wa mwezi uno.

Ulendo wotsatira ndi wotsika ku Golomoti kudzera pa Masasa, kukafika ku Mua. Amene muli ndi mabuleki ogwira pa limu mukumbukire kuti pa chitsetse chachitali chokhotakhota ngati cha Khwekhwerere, kugwira buleki osalekeza kumatenthetsa limu, ndipo kutenthako kungaphulitse chubu kapena kumatula chigamba chakale. Machubu omatamata, ngati amene tabwera nawo ku Lizulu, asiyeni akhale apadera, m'magudumu muike atsopano. Ine ndili ndi ngongole ya machubu 2 ku gulu ndipo ndibweza Lachisanu. Asisi akuti tayala latsopano aitanitsa ku Lilongwe, likafika ankolo adzalandira K100 yawo.