Lamulungu la mazira achikasu

Lamulungu, usiku.

Zala zanga zachita chikasu mpaka m'zikhadabo, ndipo ndikulemba izi ndikumvabe fungo la anyezi m'manja. Koma mtima uli m'malo: mufiriji ndinaikamo timakeke ta mazira 12 ndi mazira owiritsa 6. M'nyumba muno tilimo atatu, ndiye nkhani ya kadzutsa yatha mpaka Lachisanu.

Sabata yatha ndinayesa koyamba kuphikiratu kadzutsa wa masiku angapo, ndipo zinandikanika. Ndinathira supuni yaikulu yodzaza ya turmeric, ufa wachikasu wokometsera zakudya, m'mazira osaphika, n'kuponyamo matimati ndi sipinachi zosakazinga. Pofika Lachiwiri timakeke tinali titakhala m'madzi pansi pa kontena, ndipo tinkawawa ngati munthu watafuna dothi. Mwana anangoluma kamodzi n'kufunsa kuti, "Amayi, mwaikamo mankhwala?" Bambo ake anadya osanena kanthu, zomwe zinandipweteka kwambiri kuposa funso la mwanayo.

Lero ndinayamba ndi chiwaya, osati ndi mazira. Ndinatenthetsa masupuni awiri a mafuta pamoto wochepa, n'kukazinga anyezi mpaka atafewa. Kenako ndinathira supuni yaing'ono imodzi yokha ya turmeric ndi tsabola wakuda wopera, n'kutakasa pafupifupi theka la mphindi. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Chimene chimapatsa turmeric mtundu wake ndi curcumin, ndipo curcumin sasungunuka m'madzi koma m'mafuta. Ukamuthira wouma m'mazira amangochita timibulu towawa apa ndi apo, koma akayamba wakumana ndi mafuta otentha, fungo la dothi lija limachepa ndipo mtundu umafalikira paliponse mofanana. Chofunika n'kusamuchedwetsa pamoto, chifukwa ufa umenewu suchedwa kupsa, ndipo ukapserera palibenso chowombola.

Sipinachi ndinamukazinga m'chiwaya chomwecho mpaka madzi onse atauma. Matimati ndawasiya dala ulendo uno.

Za tsabola wakuda: muli piperine, amene amathandiza thupi kuyamwa curcumin, n'chifukwa chake ziwirizi zimakonda kuyendera limodzi. Komabe sindidzinamiza kuti ndikuphika mankhwala. Mu ufa wa turmeric, curcumin ndi pafupifupi magawo 3 pa 100 alionse, ndiye supuni yaing'ono imodzi yogawidwa m'timakeke 12 ndi kadontho chabe. Ine ndimamufunira mtundu ndi kafungo kake kofunda kaja, kofananako ndi jinja, popeza zomera ziwirizi n'zapachibale. Chokhutitsa munthu ndi dzira lenilenilo, lomwe likakhala lalikulu limakhala ndi mapuloteni okwana magalamu 6.

Ndinaswa mazira 10, n'kuthiramo kotala ya kapu ya mkaka ndi mchere, n'kumenya pang'ono chabe kuti choyera ndi chachikasu zisakanikirane. Ndiwo zija ndinayamba ndazidikira kuti zizizire, apo ayi zikanayamba kuphika mazira m'mbale momwemo. Chitini cha makeke ang'onoang'ono ndinachipaka mafuta mosaumira, chifukwa dzira likamatirira m'chitini, kutsuka kwake n'chilango. Bowo lililonse ndinalisiyira mpata pamwamba. Uvuni pa madigiri 180, mphindi 18.

Ndinatulutsa pakati patangolimba kumene, pamwamba pasanauma. Chakudya chophikiratu chimakumananso ndi moto tsiku lodya, ndiye ukachipsetsa kwambiri lero, mawa chimakhala ngati labala ndipo chimatuluka madzi. Dzira likatenthedwa mopitirira, mapuloteni ake amakungana n'kufinya madzi onse kunja. Ndikuganiza kuti ichi chinali cholakwa changa chachitatu sabata yatha, ngakhale kuti nthawi imeneyo ndinkanamizira matimati okha. Timakeke tinatuluka titafufuma ngati tikunyada, kenako n'kuphwa mkati mwa mphindi ziwiri. Ndimo mmene timachitira, si vuto.

Mazira owiritsa sanandivute. Mphindi 10 m'madzi owira, kenako molunjika m'madzi ozizira kuti chachikasu chisachite mzere wobiriwira uja umene umabwera dzira likawira mopitirira. Ndawasiya m'makoko awo. Amenewa amatha sabata mufiriji, pomwe timakeke tophika sitiyenera kupitirira masiku atatu kapena anayi pa madigiri 4 kapena kutsikirapo. N'chifukwa chake ndawerengera kuti timakeke tithe Lachinayi, owiritsa akhale a Lachisanu ndi onyamula popita kuntchito. Ndikadzaphika tambiri, totsala ndidzaumitsa mufiriza. Owiritsa okha ayi, choyera chawo chimalimba moipa chikaundana.

Ndinatsala pang'ono kutseka kontena timakeke tikadali totentha. Nthunzi ikanagwera mkati n'kutinyowetsa. Ndinatiyala kaye poyera kwa theka la ola, ndikuyang'ana wotchi, popeza mazira ophika sayenera kukhala kunja kwa firiji maola opitirira awiri. Pansi pa kontena ndayala kapepala kopukutira kuti kazimwa chinyezi.

Ngozi ya tsikuli inagwera malaya anga oyera. Kadontho ka mafuta achikasu kanagwera pachifuwa, ine n'kuthamangira sopo. Banga lija linasanduka lofiira ngati magazi! Ndinachita mantha kwa kamphindi, kenako ndinakumbuka kuti curcumin amafiira akakumana ndi zinthu ngati sopo kapena soda. Nditatsukuluza linabwerera kuchikasu. Ndawayanika padzuwa masana onse ndipo banga lazilala ndithu, chifukwa kuwala kumaufooketsa mtundu umenewu. Mawa ndiwayanikanso. Supuni yamtengo yokha ndiye yapita, ikhala yachikasu mpaka kalekale.

Madzulo mwana anabwera kukhitchini n'kuima pafupi ndi firiji. "Amayi, ndilawe kamodzi, ndione ngati mulinso mankhwala." Ndinamutenthetsera kamodzi mu microwave kwa masekondi 40. Anadya konse, n'kupempha kachiwiri. Ndinakana, koma nditawerenga tsopano ndapeza kuti tatsala 10. Bambo ake akuti sakudziwa kanthu, ngakhale kuti pamlomo pawo pali chikasu. Ndiye kuti Lachinayi anthu awiri adya owiritsa.