Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Kuvula yunifolomu n'kukhala pabenchi la yunivesite

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinabweza katundu yense wa boma n'kulandira chikalata chotulukira usilikali, chija kuno ku America timachitcha DD-214. Munali m'chaka cha 2014. Angapo mwa inu mwandilembera kufunsa kuti munthu wa zaka zopitirira 30, amene buku analitseka kalekale ku Zomba atangolemba MSCE, anakapezeka bwanji pa yunivesite. Lero ndifotokoza zimenezo.

Ndiyambe ndi ndalama, poti popanda izo nkhaniyi sikanakhalapo. Dziko lino lili ndi lamulo lotchedwa GI Bill, lolipirira sukulu anthu amene anatumikirapo ku usilikali. Loyamba analisainira Pulezidenti Franklin D. Roosevelt pa 22 Juni 1944, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati. Limene linandithandiza ine ndi la pambuyo pake, Post-9/11 GI Bill, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2009. Ngati unatumikira miyezi 36 kapena kuposa apo, boma limakulipirira fizi yonse pa yunivesite ya boma ya m'chigawo chimene ukukhala, limakupatsa ya lendi mwezi ndi mwezi, ndiponso ya mabuku yosapitirira madola 1,000 pachaka. Koma malire alipo. Thandizoli ndi la miyezi 36 yokhala m'kalasi, zomwe zimangokwanira zaka 4 za sukulu. Ukasintha maphunziro pakati panjira kapena kubwereza kosi, miyezi ija ikudyeka. Patchuthi ya lendi imaima, choncho uyenera kusunga pang'onopang'ono ukadali mu temu. Pa nthawi imeneyo panalinso lamulo loti ugwiritse ntchito mwayiwu zisanathe zaka 15 chitulukire, koma mu 2017 analichotsa kwa onse amene anatuluka kuyambira pa 1 Januwale 2013.

Ndinasamukira ku Indiana chifukwa cha Amalawi ambiri amene ali ku South Bend ndi madera ozungulira. Ndinkafuna malo oti Loweruka ndizidya nsima ndi anthu olankhula chinenero changa. Anandilandira bwino, koma si onse amene anamvetsa za sukuluzo. Achimwene ena a kutchalitchi ananditengera pambali n'kunena kuti, "Achimwene, ntchito zilipo zambiri kuno, mawa lomwe mukhoza kuyamba. Kumudzi akudikira thandizo lanu." Sankanama ayi. Ana a mchemwali wanga fizi yawo inali pamutu panga, ndiponso feteleza wa amayi chaka chilichonse. Nditawaimbira amayi kuwauza kuti ndalama zizibwera zochepa kwa zaka zingapo, anakhala chete kanthawi. Kenaka anati, "Mwanangu, sukulu pa msinkhu umenewu? Koma ngati mtima wako wafuna, pita. Ife tidya zomwe zilipo." Mawu amenewo anandilemera kuposa akanakhala kuti andikaniza.

Masabata oyamba m'kalasi ndinali ngati nkhuku yachilendo. Anzanga anali ana a zaka 18 ndi 19. Mphunzitsi akulankhula, wina ali pafoni, wina akudya, wina akulowa nthawi itapita kale, ine magazi akuwira m'kati chifukwa kumene ndinkachokera zoterezi kunalibe. Ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, msana utatsamira khoma, maso ali kukhomo. Chizolowezi chimenecho ndinabwera nacho kuchokera ku Afghanistan ndipo sindinkachilamulira. Ophunzira ochokera ku Africa ankandiona ngati msilikali wa America. Ana a ku America ankandiona ngati bambo wa ku Africa wolankhula Chingerezi chovuta kumva. Masamu nawo anali atandithawa. Usiku tulo sitinkabwera, ndipo pofika Okutobala ndinali nditayamba kuganizira mawu a achimwene aja a kutchalitchi.

Pa yunivesite iliyonse yolandira ndalama za GI Bill pamakhala munthu amene ntchito yake ndi kutsimikizira unduna woona za asilikali opuma, VA, kuti wakutiwakuti akuphunziradi makosi akutiakuti. Iyeyo akapanda kutumiza mapepala, sulandira kalikonse. Kwathu anali mayi wina wachikulire, mwamuna wake anali msilikali wa pamadzi. Ndinapita kwa iwo kukafunsa zimene zingachitike ndikasiya kosi ya masamu. Anandiyankha bwinobwino, kuti ndikhoza kukhala ndi ngongole yobweza, koma sanathere pomwepo. Anandifunsa ngati ndinatumiza Joint Services Transcript, chikalata chosonyeza maphunziro onse amene munthu anachita ali ku usilikali. Bungwe la American Council on Education limaunika maphunziro amenewa n'kulangiza mayunivesite kuti angawerengedwe bwanji, ngakhale yunivesite iliyonse imasankha yokha zimene ilandire. Anandithandiza kuitanitsa chikalatacho pakompyuta yawo, ndipo makosi angapo anandichotsera. Atatha anadzuka pampando nati, "Tiyeni ndikakuonetseni anzanu."

Chinali chipinda wamba pansi pa nyumba ya laibulale. Munali mipando yofewa yakutha, ketulo ya khofi, makompyuta ochepa, makina osindikizira aulere, ndi mbendera za nthambi zonse za asilikali zitapachikidwa kukhoma. Ndikanena zoona, chipinda chimenecho ndicho chinandisunga pasukulu. Ndalama za boma zinandifikitsa pageti, koma zikanakhala zokhazo ndikanabwerera temu yoyamba isanathe.

Munali anthu a msinkhu wanga, ena ndi ana awiri atatu kunyumba. Munali mkulu wina wakuda wa ku Marines, nthambi ina ya asilikali a America, amene ankaphunzira zauphunzitsi, ndi mayi wina amene anali wachipatala ku Navy, tsopano akuchita unamwino. Palibe amene anandifunsa ngati ndinaphapo munthu, funso limene ana a m'kalasi ankaliponya mosaganiza. Anangofunsa kuti ndinali gulu liti, ndinapita kuti, chaka chanji, basi tadziwana. Mkulu wa ku Marines uja atamva za masamu anati, "Sajeni, bwera nalo bukulo mawa 7 koloko." Anakhala nane m'mawa uliwonse mpaka mayeso. Gulu lathu linali nthambi ya Student Veterans of America, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2008 ndipo lili ndi nthambi m'masukulu ambiri m'dziko muno.

Mkulu yemweyo ndi amene anaona kuti sindigona. Sanazungulire. Anandiuza kuti iyenso anadutsa momwemo, ndipo kuti kuli malo otchedwa Vet Center kumene asilikali amene anapita kunkhondo amakalankhula ndi alangizi kwaulere. Malo amenewa anayamba mu 1979 chifukwa cha asilikali ochokera ku nkhondo ya Vietnam. Ine ndinakulira m'mawu oti mwamuna salira, ndipo usilikali unawonjezera pomwepo. Kukakhala pansi n'kuuza mlendo zimene ndimalota chinali chinthu chimene sindinachiganizirepo. Mkuluyo anabwera ndi galimoto yake, anandiperekeza, anandidikira panja. Ndikulemba izi poyera chifukwa ndikudziwa kuti pali Amalawi ena amene anavalapo yunifolomu, kuno kapena ku Britain kapena kwathu komwe, amene akudzuka pakati pa usiku ali thukuta kamukamu osauza munthu. Amene muli ku America, nambala ya 988 n'kudina 1 imakufikitsani kwa anthu othandiza asilikali opuma nthawi iliyonse.

Chaka chachiwiri ndinayamba kugwira ntchito m'chipinda chomwecho kudzera m'ndondomeko ya VA yolola ophunzira kugwira maola ochepa n'kulipidwa. Ndalamayo ndiyo inkapita ku Zomba. Ntchito yanga inali kulandira atsopano ndi kuwathandiza mapepala.

Za ntchito ya m'tsogolo zinandivuta mwa mtundu wina. Yunivesite inali ndi mlangizi wa ntchito amene ankabwera m'chipinda chathu kamodzi pa sabata. Nditamupatsa CV yanga anaiwerenga n'kundifunsa kuti, "Kodi kwenikweni munkachita chiyani?" Ndinati ndinali 92Y, nambala ya ntchito yanga ku usilikali. Iye anati bwana wa kampani nambala imeneyo saidziwa, ndimufotokozere tsiku langa kuyambira m'mawa. Ndinamuuza kuti ndinkasunga katundu wa gulu lathu la asilikali: mfuti, mawailesi, magalasi oonera usiku, matenti, zovala. Chilichonse chinali ndi nambala yake, ndipo zida zofunika kwambiri tinkaziwerenga mwezi ndi mwezi. Chikasowa chimodzi, palibe wopita kunyumba mpaka chipezeke. Ndinkaitanitsa katundu, kumulandira, kumugawa, kumukweza m'makontena popita ku Afghanistan n'kumubwezanso, ndipo pansi panga panali asilikali amene ndinkawaphunzitsa ntchitoyo. Mlangiziyo ankalemba ndikulankhula. Atanditembenuzira pepala ndinaona kuti zonsezi makampani amazifuna ndipo amalipira bwino. Apo m'pamene ndinakhazikika pa maphunziro oyendetsa katundu kuchokera kopangidwa mpaka kwa wogula.

Chovuta kwambiri chinali intavyu. Kwathu tinaleredwa kuti kudzitama ndi mwano, ndipo polankhula ndi wamkulu suyang'ana m'maso. Ku usilikali nako ulemu umapita ku gulu lonse, wodzikweza amadedwa. Tsono bwana wa kuno akakufunsa kuti unachitapo chiyani chachikulu, amafuna unene zimene iweyo unachita, momasuka, ukumuyang'ana. Tinkayeserera m'chipinda muja, mlangizi akujambula pafoni, ine n'kudzionera ndekha nditauma gwa, mayankho afupiafupi ngati ndili pa perete. Zinatenga nthawi kuti ndivomere mumtima kuti kunena zoona za ntchito yako si kunyada. Mlangizi yemweyo anandilembetsa ku American Corporate Partners, bungwe limene limakupezera munthu wa m'kampani woti azikulangiza kwa chaka chathunthu kwaulere. Anandiuzanso kuti pofunsira ntchito za boma lalikulu asilikali opuma amawonjezeredwa mapointi 5, ndipo amene anavulala amawonjezeredwa 10.

Tsopano za ulemu. Kuno munthu akamva kuti unali msilikali amakuthokoza chifukwa chotumikira dziko, ngakhale m'sitolo. Poyamba ndinkasowa choyankha. Pa 11 Novembala, tsiku la Veterans Day, yunivesite inkazika timbendera pakapinga, mkulu wa sukulu n'kulankhula, ife n'kudya chakudya chamasana pamodzi. Amene ankakhoza bwino ankalowa m'gulu la SALUTE, lolemekeza asilikali opuma ochita bwino m'kalasi, ndipo ine ndinalowamo chaka chachitatu. Zimenezi ndinkazilandira ndi mtima wonse chifukwa kumbuyo kwake kunali zinthu zogwirika: chipinda, mlangizi, mayi uja wa mapepala. Sukulu imene imangozika mbendera koma ilibe munthu woyankha foni ya msilikali wosokonezeka, ulemu wake ine sindiuwerengera.

Tsiku lililonse la 11 Novembala ndinkakumbukira agogo anga aamuna, bambo a amayi. Iwo anali a King's African Rifles, ndipo anakamenya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ku Burma pamodzi ndi anyamata ambiri a ku Nyasaland. Anabwerera ndi mamendulo ndi kandalama kochepa, kochepa kwambiri poyerekeza ndi kamene azungu a udindo womwewo analandira, n'kubwerera kukhasu. Ndili mwana ankanditenga kupita ku chipilala cha asilikali chija cha ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, atavala jekete yawo ndi duwa lofiira pachifuwa. Anali munthu wanzeru zakuya, wowerengera msanga kuposa mphunzitsi, koma palibe amene anawafunsa ngati akufuna sukulu. Nditamuuza zimenezi mkulu wa ku Marines uja, anandiuza kuti agogo akenso anamenya nkhondo yomweyo, ndipo ngakhale GI Bill ya 1944 inalipo, asilikali akuda ambiri, makamaka a kummwera kwa America, sanapindule nayo mokwanira chifukwa masukulu ndi mabanki ankawasankha. Tinakhala nthawi yaitali tsiku limenelo tikukambirana za agogo athu awiriwa.

Mu Meyi 2018 ndinamaliza. Ife asilikali opuma anativeka chingwe chofiira, choyera ndi chabuluu pamwamba pa gauni, ndipo pamwambo anatipempha kuti tiimirire, holo yonse n'kuwomba m'manja. Amalawi a ku South Bend anabwera ambiri, achimwene aja a kutchalitchi ali patsogolo, amayi ena n'kuluta nthungululu mpaka azungu kutembenuka. Amayi anaonera pa WhatsApp ali kwa mchemwali wanga.

Chaka chomwecho, mu Novembala, asilikali 6 a Malawi anaphedwa pafupi ndi Beni ku DRC ali pa ntchito yosungitsa mtendere. Msuweni wanga anali komweko nthawi imeneyo, ndipo anabwerako wamoyo. Tikamacheza amandifunsa kawirikawiri za sukulu, chifukwa akudziwa kuti tsiku lina adzavula yunifolomu akadali ndi mphamvu ndi ana ofuna fizi. Ndalama zonga za GI Bill dziko lathu mwina silingazikwanitse lero. Koma chipinda chimodzi pa yunivesite, munthu mmodzi wodziwa kuwerengera maphunziro a ku usilikali, ndi mlangizi wothandiza sajeni kulemba CV, zimenezo n'zotheka. Ku Zomba kampu ya asilikali ndi yunivesite zili m'tauni imodzi.

Ine ntchito ndinaipeza kudzera m'mlangizi wa ku American Corporate Partners, amene anandilumikiza ndi kampani ina yosunga ndi kutumiza katundu kufupi ndi Indianapolis. Ndinayamba ndi kuphunzira ntchito patchuthi cha 2017, ndipo nditamaliza sukulu anandilemba kukhala woyang'anira shifiti ya usiku. M'gawo likubwerali ndidzafotokoza za ntchito imeneyo, ndi mmene ndinakonzera ulendo wanga woyamba wopita ku Malawi chitulukire usilikali.