Zomwe ndaphunzira za kafeini pakhungu ndi kutsitsi

Sabata yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi topiki ya kafeini mu kosi yanga ya zosamalira khungu. Poyamba ndimakayikira, ndimati kafeini si wa mu khofi ndi tiyi basi, kumwa kuti tulo tithawe, nanga pakhungu akukatani?

Chinandikopa ndi mmene amalowera. Ndi kamolekyu kakang'ono, amadutsa pakhungu mosavuta, makamaka kudzera mu timabowo tomwe tsitsi limamerera. Akalowa amafinya timitsempha ta magazi, nchifukwa chake amamuika mu mafuta odzola mmunsi mwa maso, kutupa kuja kwa mmawa kumaphwa ndithu. Koma nzakanthawi, pakapita maola angapo zabwereranso, ndipo ngati kuda kwa pansi pa masoko ndi kobadwa nako kapena kwa melanin, chinthu chopatsa khungu mtundu wake, kafeini sangakuchotse. Izi ndalemba ndi zilembo zazikulu mu kope langa chifukwa tsiku lina munthu adzandifunsa, sindikufuna kudzamunamiza.

Za tsitsi ndiye zinanditengera nthawi. Mu 2007 Tobias Fischer ndi anzake ku Germany anatenga mizu ya tsitsi ya azibambo oyamba dazi nkumaisunga mu labu, atathirako testosterone, homoni ya chimuna, mizuyo inayamba kukula mochedwa, koma atawonjezera kafeini wochepetsetsa, 0.001% ndi 0.005%, inayambanso kukula bwino. Nditawerenga ndinasangalala zedi, kenako ndinadzifunsa kuti kodi mizu ili mu kambale ka mu labu ndi chimodzimodzi mutu wa munthu amene amapaka shampu nkutsukuluza pompopompo? Ayi. Mwina nchifukwa chake mu 2018 bungwe loyang'anira zotsatsa malonda ku UK linaletsa opanga shampu ya Alpecin kunena kuti shampu yawo ya kafeini imachepetsa kuthothoka kwa tsitsi, linati umboni wake sunakwane. Zimandikhudza, munthu amene tsitsi likumuthera amakhala ndi nkhawa yeniyeni, amagula chilichonse chomwe walonjezedwa.

Ogwiritsa ntchito shampu imeneyi aziisiya pamutu mphindi ziwiri kuti kafeini alowe. Kumwa khofi wambiri kuti tsitsi limere, aaa ayi, wofika kumizu ndi wochepa kwambiri, mtima wokha ndi womwe uzigunda. Komanso khofi wogaya osamakhulira kumaso, amakanda khungu.

Mawa ndikuyamba kuphunzira za minoxidil, mankhwala othandiza kumeretsa tsitsi, ndikufuna ndiyerekeze umboni wake ndi wa kafeiniyu.