Kamera yoona kutentha ija tsopano ndi yathuyathu

Sabata yatha tapereka ndalama yomaliza ya ngongole ya kamera yathu yoona kutentha. Ndiye tati tikufotokozereni kumene tachokera, makamaka inu amene mumationa tikuulutsa drone, kandege kakang'ono kosakwera munthu, m'minda ya ku Nchalo n'kumati anyamatawa akusewera.

Anthu maso amakhala pa drone, koma ndalama ili pa kamutu kolendewera kunsi kwake. Makamera amtunduwu anakulira kunkhondo. Ndege zankhondo zosakwera munthu, monga MQ-9 Reaper ya ku America ndi Bayraktar TB2 ya ku Turkey, zimanyamula chimpira kumimba, mkati mwake muli kamera ya masana, ina yoona kutentha kwa thupi usiku, ndi laser yoyezera mtunda. Akatswiri akhala akuchepetsa zidazi mpaka sensa yoona kutentha yafika pokwana m'chikhatho. Yathu imajambula ndi timadontho 640 kwa 512. Siidikira kuwala, chofunda chimaoneka choyera, chozizira chakuda. Diso lake si galasi wamba, poti galasi limatchinga kutentha. Amalipanga ndi chinthu china chodula chotchedwa germanium, ndiye tikamakaniza ana kuligwira musatiyese ankhanza.

Mmodzi wa ife anaphunzira ku African Drone and Data Academy, sukulu imene UNICEF inatsegula ku Lilongwe mu 2020. Tinayamba ndi kamera wamba, kujambula maukwati ndi kuyeza minda. Titakapempha ngongole kuti tikule, bwana wina anatifunsa ngati chikole chathu ndi chidolecho. Bambo inu, ngati mukuwerenga, chidole chija chabweza zonse. Wogulitsa wina wakunja nayenso anadya dipoziti yathu. Anatiuza zoona kuti makamera otere ali ndi malamulo okhwima, moti ku America yojambula zithunzi zoposa 9 pa sekondi siituluka chisawawa, koma iye anabisala kuseri kwa malamulowo n'kutitumizira kachinthu kosasiyanitsa mvuu ndi chulu.

Kamera yeniyeni inafika kumayambiriro kwa 2023. M'mwezi wa Malichi kunabwera namondwe wa Freddy. Madzi analowa m'nyumba usiku, mabatire ndi laputopu zonse zinamira. Kamerayo inapulumuka chifukwa mlamu wathu anaikulunga m'chitenje, kuiika m'ndowa yotseka n'kuimangirira kudenga, iye madzi ali m'chiuno. Kutacha tinali ndi kamera yopanda choiulutsira, minda ya makasitomala ili pansi pa matope, ngongole ikuyenda. Kunena zoona, panali miyezi imene tinkabweza ndi ndalama ya maganyu, ndipo ogula anabwera kudzaifunsa pa mtengo wonyoza. Tinakana.

Lero kamerayi ikudyetsa mabanja athu. Nzimbe kapena chimanga chikasowa madzi, masamba amayamba kutentha asanafote. Tikauluka masana timakuonetsani mizere imene madzi sakufika, mwini munda musanaone ndi maso. Ngalande ikamadontha, pamalopo pamaoneka pozizira. Za nyama timauluka mbandakucha nthaka itazizira, chifukwa masana a Okutobala kuno, kutentha kukadutsa madigiri 40, mwala ndi ng'ombe zimafanana. Tapezera anthu ng'ombe zosochera cha ku Ngabu, taonetsa alimi a m'mphepete mwa Elephant Marsh njira imene mvuu zimalowera m'minda.

Tikuthokoza amayi a banki mkhonde, amene anatikongoza gawo loyamba asanaionepo n'komwe kamera yoona usiku. Mafumu athu, amene mumatilola kuuluka m'midzi yanu ndi kufotokozera anthu kuti sitikuzonda munthu, takhuta. Mlamu wa ndowa uja, ngongole yanu ndiye sitingaimalize. Akabaza amene mumatinyamula ndi katundu mpaka kudimba, mlimi woyamba amene anatilipira asanaone chithunzi, a mpingo amene anatisungira malo madzi atatithamangitsa, ndi akazi athu amene anapirira ndiwo zopanda mafuta, Mulungu akudalitseni nonse.

Ngalande yayikulu ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira ikubweretsa ulimi wamthirira kwa ambiri, ndipo madzi olipira safunika kumangotayika. Makalabu ndi makopaletivu, sonkhanani, mtengo timawerengera pa hekitala ndipo mukakhala gulu timatsitsa. Timafika Chikwawa yense, Bangula mpaka Nsanje, ndi kutsidya kwa Shire mukatiuziratu. Chilolezo choulutsira tili nacho. Zojambula m'mabwalo a anthu ayi, musavutike n'kufunsa. Tilembereni pa tsamba lino la Facebook, mutiuze komwe kuli munda ndi kukula kwake, lipoti mudzalandira pa WhatsApp pamodzi ndi mapu ake.