Dzuwa lafunda, koma mtsinje ukadali wa m'chisanu

Kumayiko a kumpoto kumene kumagwa chipale chofewa, Malichi, Epulo ndi Meyi ndi miyezi imene anthu amatuluka m'nyumba ngati ngumbi. Abindikira miyezi inayi kapena isanu, ndiye dzuwa likangoyamba kufunda, uyu watenga mbedza, uyo wakweza bwato pagalimoto, winanso ali ndi ana ndi galu m'tinjira ta m'mbali mwa mtsinje. Ife sitiletsa munthu kupita. Timangodandaula kuti ambiri amayang'ana kumwamba n'kuona kuti kwayera, basi n'kunyamuka, pamene nkhani yonse ili m'madzi.

Madzi amene akudutsa pamapazi anu sanagwe pamenepo. Mtsinje uliwonse uli ndi dera lake limene umatolerako madzi: mapiri, madambo, minda, misewu ndi madenga a nyumba, zonse zimathira m'timakwawa, timakwawa n'kuthira m'mitsinje ing'onoing'ono, mpaka zonse kukumana mumtsinje waukulu. Mvula ya mamilimita 25 ikagwa pamalo otalika kilomita imodzi, m'lifupi kilomita imodzinso, ndiye kuti pagwa malita 25 miliyoni. M'nyengo yotentha nthaka ndi zomera zimamwa ambiri mwa madziwo. M'nyengo yophukira, ya Malichi mpaka Meyi, sizitero, chifukwa nthaka imakhala ikadali youndana kapena yakhuta kale, ndipo mitengo ilibe masamba. Choopsa kwambiri ndi mvula yofunda yogwera pa chipale, pakuti madzi a mvula ndi a chipale chosungunuka amatsika pamodzi.

Kamtsinje ka m'phiri kamadzaza m'maola ochepa, pamene mtsinje waukulu ungafike pachimake patapita masiku mvula itasiya. N'chifukwa chake tsiku la dzuwa limapusitsa anthu. Komanso timitsinje todyetsedwa ndi chipale timakwera madzulo, dzuwa litatha ntchito yake yosungunula. Pamene munawoloka m'mawa madzi ali m'akakolo, pobwerera mukawapeza ali m'ntchafu.

Red River, mtsinje umene uli m'malire a zigawo za Minnesota ndi North Dakota ku America, umaonetsa bwino mmene dera lonse limalamulira madzi. Umayenda cholowera kumpoto, kukathira m'nyanja ya Winnipeg ku Canada. Kum'mwera chipale chimayamba kusungunuka, ndipo madziwo amakapeza kumpoto mtsinje ukadali woundana, n'kusowa kolowera m'chigwa chathyathyathya. Mu Epulo 1997 mzinda wa Grand Forks unamira, anthu masauzande ambiri n'kusamutsidwa, pamene mzinda wa Winnipeg unapulumukira ngalande yaikulu yolambalalitsa madzi imene inatha kukumbidwa mu 1968.

Choncho ulendo umayambira kunyumba. Mitsinje yambiri ili ndi zida zoyezera madzi, ndipo mabungwe ngati USGS ku America ndi Water Survey of Canada amaika ziwerengerozo pa intaneti. Musamangoona nambala ya lero. Onani mzere wa masiku atatu apitawo kuti mudziwe ngati madzi akukwera kapena akutsika, kenako onani zoyezera za kumtunda, chifukwa zimene zikuchitika kumeneko ndi zimene zikubwera kwa inu. Za nyengo muone za dera lonse la mtsinjewo, osati za pamalo pokhapo pamene mukaimike galimoto. Ngati usiku sikukuziziranso kufika pa digiri 0, chipale chikusungunuka usana ndi usiku. Ngati kumtunda kuli damu la magetsi, funsani nthawi imene amatsegula madzi. Ndipo muuze munthu wina kumene mukupita ndi ola limene mubwerere.

Mukafika, zikani kamtengo pamene madzi alekezera, ndipo mukaoneko pakapita mphindi 20. Kakamira, longedzani. Madzi akasintha mtundu n'kukhala amatope, akayamba kubweretsa nthambi ndi zikuni, kapena mukamva miyala ikugubuduka pansi, musadikire kamtengo.

Tsopano za kuzizira, zimene timaona kuti ndi zomwe anthu amazipeputsa kuposa zonse. Kunja kungafunde madigiri 20, koma madzi ochokera ku chipale ali pa madigiri 4 kapena 5. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya wozizira mofanana. Munthu akagweramo, choyamba si kuzizidwa kwa thupi lonse ayi. Amakoka mpweya mwadzidzidzi iye asakufuna, ndipo ngati mutu uli pansi pa madzi, chimene wakokacho ndi madzi. Kenako amapuma mwawefuwefu osatha kudziletsa. Gordon Giesbrecht, katswiri wa ku yunivesite ya Manitoba ku Canada, anaphunzitsa anthu kukumbukira manambala atatu, 1, 10 ndi 1: mphindi imodzi yoti mupezenso mpweya, mphindi pafupifupi 10 zimene manja ndi miyendo zingagwire ntchito, ndi ola ngati limodzi musanakomoke ndi kuzizira. Ola limenelo limakhalapo kwa munthu amene wavala jekete loyandamitsa. Wopanda jekete amamira manja akangouma, kaya ndi katswiri wosambira.

Jeketelo livalidwe ndi kumangidwa musanakwere bwato. Loika pansi pa mpando silithandiza, chifukwa zala zozizira sizitha kumanga lamba. Kuti mudziwe ngati lakwana, wina alikokere m'mwamba atagwira m'mapewa: likafika m'makutu ndi lalikulu, ndipo m'madzi lidzavuka. La mwana likhale ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Valirani madzi, osati dzuwa. Zovala za thonje zimamwa madzi n'kukakamira pathupi, ndiye opalasa bwato m'nyengoyi amafunika wetsuit kapena drysuit, zovala zapadera zosunga kutentha kwa thupi m'madzi, ndi zovala zina zouma m'thumba losalowa madzi.

Mphamvu ya madzi ili ndi masamu ake. Madzi odzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera tani imodzi, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yokankha imawirikiza kanayi. Madzi othamanga akuya masentimita 15 okha amagwetsa munthu wamkulu. A masentimita 30 amayandamitsa galimoto zambiri zing'onozing'ono, ndipo a masentimita 60 amakokolola ngakhale zikuluzikulu. Msewu ukamira, bwererani. Simungaone ngati madzi agumula pansi pake pamene pali kalavati. Galimoto ikalowa m'madzi akuya, masulani lamba, tsitsani galasi magetsi asanazime, tulutsani ana kuyambira wamkulu, nanunso tulukani, zonsezi m'mphindi yoyamba. Chitseko musalimbane nacho, madzi akuchikankha kuchokera kunja.

Powoloka wapansi, madzi othamanga opitirira m'mawondo ndi oti muwasiye. Ochepera pamenepo, sankhani pamene mtsinje watambasuka, musavule nsapato, masulani lamba wa chikwama wa m'chiuno, yang'anani kumtunda mutatsamira ndodo, n'kumasuntha phazi limodzi limodzi chammbali. Musanaponde m'madzi, onani kaye kumunsi kumene mungakokolokere mutagwa.

Kumunsiko kuli misampha iwiri imene imapha ngakhale akatswiri. Woyamba ndi mtengo wogwera mumtsinje, ndipo m'nyengoyi imachuluka chifukwa magombe akugumuka. Madzi amadutsa m'nthambi zake ngati m'sefa, koma munthu ndi bwato zimatsala, madzi n'kumazipanikiza cholowetsa pansi. Wachiwiri ndi kadamu kakafupi kopingasa mtsinje, kamene madzi amasefukira pamwamba pake. Mukachokera kumtunda sikaoneka, mumangoona mzere wowongoka pamene mtsinje ukuoneka ngati wadukira. Pansi pake madzi amagudubuzika chobwerera, kumukokera munthu kukhoma, kumumiza, kumutulutsa, n'kumubwezeranso. Madziwo ndi a thovu, ndiye ngakhale jekete siliyandamitsa bwino. Tulukani patali ndithu, nyamulani bwato, mukalowenso kumunsi kupitirira pamene madzi akuwira.

Oyenda m'mbali nawonso asadzione ngati ali kutali ndi ngozi. Gombe lingaoneke lolimba pamwamba koma madzi atalifukula kunsi, ndipo madzi oundana otsalira m'mphepete amakhala ofumbwa. Galu akhale pachingwe. Akagweramo, musamutsatire: agalu ambiri amadzitulukira okha, eni ake ndi amene amatsalira.

Mukagwa ndinu, gonani chagada, mapazi kutsogolo cholozetsa kumunsi ndipo akhale pamwamba pa madzi, kuti miyala muziiponda ndi nsapato. Musayese kuimirira madzi asanatsike kufika m'mawondo, chifukwa phazi likakodwa pakati pa miyala, madzi amakugwetsani chafufumimba n'kukugwirani pomwepo. Mpweya ukabwerera, sambirani chopingasa kulowera kugombe. Mtengo ukakhala kuti simungaupewe, tembenukani mutu kutsogolo, sambirani mwamphamvu n'kudziponya pamwamba pake. Pansi pake musalole.

Akagwa mnzanu, inu khalani pamtunda. Imbani foni yangozi, thamangirani kumunsi kwake, muitaneni kuti akuoneni, n'kuponya chingwe choyandama cha mamita 15 mpaka 20 kuti chigwere pachifuwa pake. Iye agwire atagona chagada, inu mukhale pansi mutaponda zolimba, madzi omwewo amukankhira kugombe. Chingwe musachimangirire m'chiuno kapena kuchikulunga kudzanja, chifukwa chikakoka mopitirira muyenera kutha kuchisiya. Akatuluka, agone, muvuleni zonyowa, mufunditseni kuyambira pachifuwa ndi kumutu. Musamutikite manja ndi miyendo, musamupatse mowa. Ngati wapumira madzi kapena akulankhula zosamveka, apite kuchipatala ngakhale iye akukana.

Ogona kumtsinje, mchenga wa pakati pa madzi ndi tizilumba timakopa chifukwa ndi posalala, koma ndi pamene madzi amayambira kubwerera. Yang'anani m'nthambi za mitengo ya m'mbali: udzu wouma, zinyalala ndi matope zokoleka m'menemo zikukuuzani pamene madzi anafika ulendo wapita. Hema likhale pamwamba pa mzere umenewo, ndipo njira yothawira kumtunda muiyende kukadawala, kuti ikhale yosadutsa khwawa lililonse.